Jekete ya a Chibwano

Amuna anga anajambula anthu zithunzi kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sanalolepo munthu kutuluka pachithunzi mmene alili. Amati imeneyo ndi ntchito ya galasi. Galasi limakuuza zoona m'mawa uliwonse, kwaulere, usanalifunse n'komwe, pamene wojambula amalipidwa kuti akonze zimene galasi lawononga. Maganizo amenewa anali nawo ndisanawadziwe, moti ine polowa m'banja ndinawapeza maganizowo atakhala kale pa mpando wa mwini nyumba.

Dzina lawo lenileni lilipo, ndipo ndimalidziwa, koma tauni yathu yonse imawatchula kuti a Chibwano. Linachokera pa mawu awo a tsiku ndi tsiku. Kaya ndi mkwatibwi, kaya mwana wa sukulu wofuna chithunzi cha mayeso, kaya gogo wofuna cha pachiphaso, onse amamva zofanana: "Kwezani chibwano. Pang'ono. Ayi, mwanyanya, sitikuwerenga nyenyezi pano." Ngakhale ine, tsiku la ukwati wathu, m'malo mondiuza kuti ndatchena anandinong'oneza kuti ndikweze chibwano. Ndinakweza, ndipo mpaka lero sindinatsitse.

Kuti mumvetse matenda awowa, dziwani kuti mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo chithunzi chimene anasiya n'chimodzi chokha, cha pachiphaso. Apongozi angawo akuti anali munthu wansangala, woseka mpaka kugwira m'mimba, koma pachithunzipo atong'ola maso ngati agwidwa akuba. A Chibwano amachisunga m'Baibulo ndipo sachionetsa alendo. Anandiuzapo kamodzi kokha kuti wojambula ameneyo akanangodikira mphindi imodzi, iwo akanakhala ndi mayi. Ntchito anaiphunzira ponyamulira chikwama wojambula wina wa pa depoti ya mabasi, ndipo atangogula kamera yawoyawo analumbira kuti pamaso pawo sipadzadutsa munthu wotong'ola maso.

Situdiyo yathu inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Munali mpando wa khushoni, maluwa apulasitiki, chipeso chomangirira ku chingwe kuti chisatsagane ndi makasitomala, ndi zinthu ziwiri zimene a Chibwano amaziwerengera pamodzi ndi ana awo: jekete ndi nsalu. Jekete inali yabuluu wodera, ya mabatani atatu, ndipo imakwana aliyense. Wochepa thupi timamupana kumsana ndi zopanira zovala, wonenepa timamuuza kuti kusamanga mabatani ndiye fasho. Azimayi anali ndi mpango wonyezimira ndi mkanda. Nsaluyo ndiyo imakhala kumbuyo kwa wojambulidwa. Anaipenta mmisiri wina wolemba zikwangwani: nyumba yoyera yosanja, masitepe, maluwa mbali zonse, ndi kagalimoto kofiira ka matayala atatu, poti penti yakuda inathera pomwepo.

Ntchito yanga inali kusita jekete ndi kugwira nsalu. Khoma la situdiyo linali lofumbutuka, msomali sunkagwira, choncho kona imodzi timaimangirira pa windo, inayo ndimagwira ine nditaima kumbali. Batani la kamera sindinalikhudzepo. Amati dzanja langa limanjenjemera, dzanja lomwelo limene limanyamula nyumba yosanja m'mwamba theka la ola mkwatibwi akukonza milomo.

Kenako kunabwera mafoni, aliyense n'kusanduka wojambula. Makasitomala anayamba kudutsa pakhomo akutipatsa moni waulemu kwambiri, moni wa anthu amene sakulowa. Tinatseka. A Chibwano anabwera kudzakhala pakhomo, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kuti mwamuna wopuma pa ntchito ndi katundu wovuta kuposa kabati. Kabati ukaiika pakona imakhala pomwepo. Iwo analowa m'khitchini n'kusanja makapu anga motsatira msinkhu. Alendo akabwera amawasuntha pa mpando kuti kuwala kuwagwere bwino. Nkhuku zanga zonse zili ndi zithunzi, ndipo tambala ali nazo zitatu.

Chaka chomwecho kutsidya kwa malire kunabuka nkhondo. Anthu anayamba kuwoloka, ena atasenza matiresi, ena atangonyamula ana basi, ndipo boma ndi mabungwe anawamangira misasa isanu m'mbali mwa malire, wina kutali ndi unzake. Wapafupi ndi ife unali ulendo wa ola limodzi pa minibasi. Anthuwo amakhala m'matenti kudikira kuti akafunsidwe mafunso n'kupatsidwa mapepala owalola kukhala m'dziko muno, ndipo kudikirako kunalibe tsiku lothera. Chilankhulo chawo ndi chathu n'zapachibale, moti timamvana bwinobwino.

Ine ndi amayi ena a mumsewu mwathu tinadzipereka kumapitako Lachiwiri ndi Lachisanu kukasankhula zovala zimene anthu akufuna kwabwino amapereka. Malipiro panalibe, kupatula kapu ya tiyi ndi fumbi la m'mphuno. Ndinene pano kuti ena mwa anthu akufuna kwabwinowo amapereka nsapato ya phazi limodzi, ndipo wina anatumiza diresi la ukwati lathunthu, ndi chophimba kumaso chomwe.

Pafupi ndi tenti yathu ya zovala panali ina ya ofunafuna abale. Pothawa anthu amabalalika: mwamuna kukwera lole iyi, mkazi iyo, mwana kutengedwa ndi aneba. Ndiye aliyense wosowa m'bale amajambulidwa, chithunzi n'kulembedwa nambala osati dzina, poopa kuti amene anawathamangitsa angawalondole. Milungu iwiri iliyonse lole ya bungwe imatenga zithunzizo n'kukazikhoma pa bolodi m'misasa inayo. Wozindikira nkhope amapita ku ofesi n'kunena kuti nambala yakutiyakuti ndi wanga.

Woyang'anira tentiyi anali mayi wachitsikana, wochepa thupi, cholembera kukhutu, amene tonse timawatchula kuti a Mafomu, chifukwa ngakhale ungopita kukawapatsa moni umatulukamo utasaina penapake. Tsiku lina ndinawapeza akudandaula kuti zithunzi za pafoni yawo zikutuluka zakuda, anthu onse akufanana. Ndinati, "Mwanangu, ine kunyumba ndili ndi wojambula amene akungojambula nkhuku." Amayi anzanga anandiyamikira kuti ndachita zachifundo. Zoona zake ndimafuna makapu anga apume.

Lachisanu lotsatira a Chibwano anatsika minibasi kamera ili m'khosi, ine pambuyo nditasenza chikwama. A Mafomu ataona jekete, tayi, mpango, mkanda ndi nyumba yosanja zikutuluka m'chikwamamo, anachotsa cholembera kukhutu.

"Bambo, zonsezi n'zachiyani? Ife timangofuna nkhope."

"Nkhope imakhala pa munthu, mwanangu. Munthuyo ndiye timayamba takonza."

"Koma a boma amafuna kumbuyo koyera, kopanda chilichonse."

"A boma tiwapatsa khoma lawo loyeralo. Koma izi zikupita kwa mayi ake a munthu. Mukufuna mayi aone mwana wawo ali mbuu ngati wafukulidwa? Agona tulo mayiwo?"

A Mafomu anayang'ana ine kuti ndiwathandize. Ine ndinayang'ana denga la tenti. Mkangano umenewu ndinauluza kalekale, iwo asanabadwe. Anagwirizana kuti zithunzi za mapepala a boma zikhale za kumbuyo koyera, koma za pa bolodi zikhale mmene a Chibwano afunira.

Ndiwaseke mmene ndingawasekere amuna angawa, koma zimene ndinaona m'tenti muja sindingazibise. Anthu aja chiwolokereni anali atajambulidwa kangapo, ataimikidwa pamzere, kapepala ka nambala pachifuwa, popanda wowafunsa ngati akonzeka. A Chibwano amamulandira munthu ngati kasitomala wolipira: "Takulandirani bwana, khalani apa." Amamupatsa chipeso ndi kagalasi, kumuveka jekete, kumusasa fumbi pamapewa, kumuuza nthabwala zawo zitatu zomwe zija zimene ine ndinasiya kuseka ana athu ali ku pulayimale. Ndipo anthu amaseka. Gogo wina atadziona pa kamera ali mu mpango ndi mkanda anagwira pakamwa nati, "Kani ndikadalipo?" Ine ndinatembenukira ku nsalu ngati ndikuikonza. Mzere wa kwa a Chibwano unayamba kutalika kuposa wa sopo, ndipo ena amabwera atapeka m'bale wosowa kuti angovalako jekete.

Mwa amene anabwera mwezi woyambawo munali bambo wina amene msasa wonse umamutcha Wazitsime. Kwawo ankakumba zitsime, ndipo atangofika anadzipereka kukonza mjigo ndi kukumba ngalande, poti amati akangokhala mutu umamuyendera. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, manja ngati makasu. Iye ndi mkazi wake analekana pa malire penipeni, pamene asilikali amakweza anthu m'malole, akazi ndi ana kaye, amuna pambuyo. Wazitsime anamukweza mkaziyo yekha ndi manja ake namuuza kuti tikumana kutsogoloko. Lole ya mkaziyo inakhotera kwina.

Mkaziyo anali woyembekezera, mimba yoyamba, atakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi akudikira. Wazitsime anatiwerengera pa zala kuti inatsala miyezi itatu.

"Ndikungofuna ndidzakhale panja pa chitseko tsikulo," anatero. "Alibe mayi, alibe mchemwali. Ali ndi ine basi."

A Chibwano atamva zimenezi anavula chipewa n'kulengeza kuti chithunzi ichi achigwirira ntchito ngati cha nduna. Anamutuma kukameta ndevu. Anamuveka jekete, mikono yake n'kuthera panjira, ndiye anamuuza kuti aike manja kumbuyo. Tayi anamanga n'kumasula kanayi. Anamuimika kutsogolo kwa masitepe a nyumba ija, chakumbali ya kagalimoto. Chithunzi chinatuluka chambambande, sindinama, ukanati ndi mwini kampani ya zitsime wa antchito makumi awiri. Wazitsime anachiyang'ana nthawi yaitali nati, "Aseka akachiona." Chinalembedwa nambala 214 n'kukwera lole.

Milungu iwiri inatha, kenako inayi. Ena amayankhidwa, timamva nthungululu ku tenti ya a Mafomu, koma kwa 214 kunali zii. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse Wazitsime amatidikira pa geti, matope m'miyendo.

"Bambo, kapena chithunzi chija sichinafike?"

"Chinafika, achimwene. Misasa yonse inayi."

"Kapena sanandizindikire?"

Apa a Chibwano amapsa mtima pang'ono. "Zaka makumi anayi ndi ziwiri palibe analepherapo kuzindikira m'bale wake pa chithunzi changa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene."

Mwambi ndi wosavuta kuponyera mnzako pamene iwe ukukagona kunyumba kwako.

Chapakati pamenepo a Mafomu anatiuza nkhani imene tinayenera kuitchera khutu. Akuti ku misasa inayo anthu ena anayamba kupempha kuti awasamutsire kwathu kuno, chifukwa amva kuti kuno othawa kwawo akukhala m'nyumba zosanja. A Chibwano anaseka mpaka kutsokomola, ndipo m'minibasi pobwerera anafotokozera aliyense, ndi kondakitala yemwe, kuti umu ndi mmene umadziwira chithunzi cha katswiri. Inenso ndinaseka nawo, sindikana.

Mwezi wachitatu unakwana n'kudutsa. Wazitsime anasiya kufunsa. Amangotipatsa moni n'kubwerera ku ngalande zake, ndipo anakumba zambiri kuposa zimene msasa umafuna. Tonse timaganiza chinthu chimodzi koma palibe amachitchula: kuti mwina mkaziyo sanafike ku msasa uliwonse, kapena anafika koma pobereka zinavuta. Ine ndimamumvera chisoni moti ndikamuona patali ndimabisala kuseri kwa milu ya zovala.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi a Chibwano anagwidwa ndi msana. Anakwera pa mpando kuti akawongole kalendala yanga imene amati yapendekeka, potsika n'kumva kuti thyo. Lachisanu limenelo ndinapita ndekha, iwo atagona chafufumimba akundilangiza za kakweredwe ka minibasi. Kamera, jekete ndi nsalu zinatsala, chifukwa zimenezo siziyenda popanda mwini wake.

Nditangofika a Mafomu anandithamangira. Ku msasa wakumpoto, wakutali kwambiri pa yonse, anali atawerenga zithunzi za pa bolodi n'kupeza kuti 214 palibe. Chinachoka liti, palibe amadziwa, panangotsala timisomali. Amafuna china, ndipo lole imanyamuka 12 koloko. Chakale sitikanachitsukanso, poti a Chibwano amafufuta khadi la kamera likadzadza.

"Amayi, ine anthu ali pamzere. Tengani foniyi mukamujambule Wazitsime."

"Ine? Dzanja langa limanjenjemera."

"Ananena ndani zimenezo?"

Wazitsime ndinamupeza ali m'dzenje kuseri kwa mjigo. Anatuluka matope mpaka m'makutu, malaya ong'ambika paphewa, ndevu zitabwerera zonse ndi zinzake, thupi litatha. Anafuna kukasamba kaye, ine n'kumva lole ikuliza hutala. Ndinati imani pomwepo. Dzuwa linali m'maso mwake, anatsinzina diso limodzi, ine n'kudina.

Chithunzi changa choyamba m'moyo chinali chopendekeka, ndipo pamwamba pa mutu panadulidwa. Kumbuyo kumaoneka zingwe za tenti, chidebe chobooka ndi theka la mbuzi ya munthu wina. A Mafomu anasindikiza ziwiri, china cha lole, china anati ndikawaonetse bambo. Mwana ameneyu ali ndi kamtima kena.

A Chibwano anachigwira ndi zala ziwiri ngati chinthu chimene mphaka wabweretsa m'nyumba.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Ndi Wazitsime."

"Munthuyu anakulakwirani chiyani? Nanga mbuziyi, nayonso ikufuna abale ake?"

"Lole imanyamuka, bambo."

"Bola ikanapita yopanda kanthu. Anthu akaona ichi aziti ndajambula ndine. Dzina langa, Mayi! Zaka makumi anayi..."

"Ndi ziwiri. Tembenukani ndikupakeni mankhwala."

Anandinyanyalira masiku atatu, koma akudya bwinobwino.

Patatha milungu iwiri ndi theka, Lachiwiri, msana utalola, tinafika pa geti Wazitsime palibe. Tinamupeza ku tenti ya a Mafomu atakhala pa benchi, atasamba. Ku msasa wakumpoto mayi wina anali atapita ku ofesi tsiku lomwe chithunzi chinakhomedwa, nanena kuti 214 ndi wanga. Mapepala omusamutsira anatenga masiku, ndipo a Mafomu sanafune kunena kanthu asanatsimikize. Tsopano mayiyo anali m'njira, pa galimoto ya tsiku lomwelo.

A Chibwano anandiyang'ana cham'mbali. "N'kutheka wangofika kumene ku msasako," anatero. "Choyamba chija sanachione." Nthawi zina mkazi amapambana bwino akakhala chete.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Anatsika anthu anayi, wotsiriza mayi wamfupi, kachikwama kapulasitiki m'manja, kumbuyo atabereka. Wazitsime anaimirira, nayenda pang'ono. Anakhala pa fumbi pomwepo. Mkaziyo anabwera yekha, namasula nsalu, n'kumuika mwana pamiyendo. Kanali kamtsikana ka miyezi itatu ndi masiku, mphumi ya bambo ake yeniyeni. Manja aja ozolowera miyala sanadziwe pogwira. Zimene analankhulana sindinamve, ndiponso sizinali zanga.

Atamwa madzi, a Mafomu anawalowetsa m'tenti kuti asaine, monga mwa nthawi zonse, ife n'kulowa nawo. A Chibwano, pofuna kutsuka dzina lawo, anakhosomola nafunsa mwaulemu.

"Pepani mayi, ine ndi amene ndinawajambula bambowa poyamba. Kodi chithunzi choyambacho simunachione?"

Mayiyo anawayang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato. Kenako anapisa dzanja m'bulauzi natulutsa kapepala kopindidwa, kofewa ndi thukuta, n'kukatambasula pa tebulo. Anali Wazitsime, mu jekete, kutsogolo kwa nyumba yosanja.

"Ndinachiona tsiku lomwe chinafika," anatero. "Anachichotsa pa bolodi ndine."

"Ndiye munawazindikira!" A Chibwano nkhope inawala, nandiyang'ananso.

"Mwamuna wanga ndingamusowe? Ngakhale mutamuveka thumba. Ndinaima pa bolodi paja mpaka miyendo kutupa. Ndinati taonani, mnzanga zamuyendera. Jekete, tayi, nyumba ya masitepe, galimoto pakhomo. Ine apa diresi ndi limodzi, mimba ili uko, ndikugona pa katoni. Kenako ndinaona dzanja."

"Dzanja lanji?"

Analoza m'mbali mwa chithunzi, pamene panali pong'ambika. "Apa, pafupi ndi phewa lawo, panali zala za mzimayi, china chili ndi mphete. Ndinang'amba n'kuponya pamoto."

Tsiku lojambulalo kunali mphepo, nsalu imakupiza, ndiye ndinaigwirira chapafupi, ndipo a Chibwano maso awo onse anali pa tayi. Ndinabisa dzanja kumbuyo ngati mwana woba shuga, koma mayiyo anali ataiona kale mpheteyo. Anayang'ana imvi zanga n'kuseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Kani mkazi mnzanga uja ndinu, amayi?"

"Ndine, mwanangu. Ndimagwira nyumba ija kuti isauluke."

Wazitsime analankhula akuyang'ana mwana. "Koma mayi, bwanji osangopita ku ofesi? Munthu amakhomedwa pa bolodi chifukwa akufuna wake."

"Ndimati mukundifuna kuti mundiuze ndisakudikireni. Zaka zisanu ndi zinayi abale anu akukuuzani kuti mupeze wina wobereka, ndinati basi, mwamvera tsopano. Ndinachichotsa kuti amayi a m'tenti mwathu asachione n'kumandiloza." Anapukuta mwana kukamwa ndi kansalu. "Tsiku lobereka anamwino anandifunsa kuti timuuze ndani. Ndinati palibe. Nthawi yonseyo chithunzichi chinali m'manja mwangamu."

A Mafomu ndi amene anafunsa, motsitsa mawu, kuti nanga chachiwiricho.

"Chachiwiri nditachiona ndinalira mokweza mpaka anthu kusonkhana. Ndinati uyu alibe mkazi. Mkazi sangamusiye mwamuna kuyenda ndi malaya otere. Ndi omwe anavala tsiku tinalekana, kung'ambika kwake komwe kuja, ndinati ndisoka tikafika."

A Mafomu anatambasula dzanja kuti atenge chithunzi chakalecho chibwerere mu fayilo. Mayiyo anachiphimba ndi chikhatho.

"Ichi ayi. Ndachida miyezi isanu, koma chikwatirane sindinawaonepo amuna anga akuoneka chonchi." Anachipinda n'kuchibwezera m'bulauzi.

Ndinayembekezera kuti a Chibwano agwira mawu amenewa n'kuwasandutsa mendulo, monga amachitira. Sanatero. Anali atakhala pa chidebe chovundikira pakona, chipewa pa bondo, maso ali pa mwana uja. Milomo yawo imayenda, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga miyezi. Zaka zonse ndakhala nawo ndinawaonapo atakwiya, atadwala, atatseka situdiyo, koma manyazi otere ndinali ndisanawaonepo, ndipo anandimvetsa chisoni kuposa mmene ndimaganizira. Theka la manyaziwo linali langa.

Wazitsime, munthu wabwino mtima, anawagwira paphewa potuluka. "Musadandaule, bambo. Mumafuna kundikongoletsa." Iwo anangogwedeza mutu.

Banjalo litapita kukalandira bulangeti lachiwiri, m'tenti tinatsala atatu.

"Mwanangu," anatero a Chibwano, "chibwerereni ine kuno, ndajambula anthu angati a pa bolodi?"

A Mafomu anatsegula buku lawo. "311."

"Oyankhidwa?"

"Pamodzi ndi a lerowa, 58."

A Chibwano anayamba kuchotsera chamumtima. Kunja ana amamenya mpira wa mapepala, ndipo wina amagogoda chidebe pa mjigo.

"Ndiye pali anthu 253 amene miyezi yonseyi aima pakhomo pa nyumba yosanja," anatero, "abale awo akuwaona."

Sitingadziwe kuti mwa amenewo ndi angati amene wina wake anaima pa bolodi, nazindikira nkhope, n'kubwerera ku tenti yake mwakachetechete. Mwina palibe. Mwina ndi mmodzi yekha, koma ine ndinali nditangoona kumene zimene mmodzi amataya.

A Chibwano anadzuka pa chidebe paja atagwira msana. "Lole ya zithunzi inyamukanso liti?"

"Lachisanu la sabata yamawa, bambo."

"Ndiye masiku owajambulanso ndi khumi."

Tiyi anali atafika, koma sanamudikire. Anatuluka nalunjika ku tenti yoyamba ya mzere woyamba, akutsimphina pang'ono, ndipo ndinawamva akuti odi pakhomo, ndi mawu a munthu amene wabwera kudzapepesa.